Tsinde la Mpesa wa a Mulaviwa

Sajeni Mavis Chikaonda anali atagwira ntchito ya upolisi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, koma anali asanakumanepo ndi wakuba amene funso lake loyamba linali la madzi othirira mbewu. Ena akangotulutsidwa m'chitokosi amafunsa za belo, ena amapempha ndudu, ena amayamba kutchula maina a abale awo a maudindo. Nkhalamba imene anaiitanitsa Lolemba m'mawa itangokhala pa benchi inasisita mikwingwirima ya chingwe imene inali m'mikono mwake, nkunena kuti, "Mama, timitengo tija alipo amene watiwaza madzi?"

"Inu ndinu Che Lajabu Amidu?"

"Ndine amene."

"Za timitengo tifikako. Tiyambe ndi izi."

Pepala limene linali patebulo linali lalifupi, ndipo chimene chinamunyansa Mavis n'chakuti linali losalala mopitirira muyezo. Wodandaula anali Mayi Eva Mulaviwa, mwini munda wa mphesa umene uli m'mbali mwa phiri la Zomba, kumene kumachokera vinyo wofiira wotchedwa Chifunga. Mboni inali imodzi yokha, mkamwini wawo, a Stafford Kamwendo. Mlandu unali wakuti Lachisanu munthu wina anacheka mpesa wakale, mayi wa mipesa yonse ya m'mundamo, nathira oyilo pachitsa kuti chisadzaphukenso. Timitengo ta mbewu makumi anayi, todulidwa ku mpesa womwewo, tinasowa m'shedi nkupezeka Loweruka titabzalidwa kuseri kwa nyumba ya wantchito wawo. A Stafford anamasuliriratu zonse: nkhalambayo inafuna kuti mbewu itsale m'manja mwake mokha, idzagulitse kwa ena. Mlandu unali woti ukalowe m'khoti Lachiwiri, ndipo munthu wa imvi, wachifuwa chosatha, akanapita ku rimandi m'chisanu cha mwezi wa Julaye.

"Lachisanu munali kuti?"

"Kumene ndimakhala Lachisanu lililonse chikhalire munthu. Ndinatsika phiri cha m'ma teni, ndinaswali Ijuma kumzikiti m'tauni muno, ndinadzera kumsika kukagula mwala wonolera mpeni, ndinakwera dzuwa litapendeka. Lachisanu sindiponda m'munda. Loweruka m'mawa ndi pamene ndinaona." Anaweramitsa mutu. "Ndinagwada pomwepo, mama. Ndiye akundipeza a Stafford ndi aganyu awiri, chingwe chili kale m'manja. Chingwe cha mbuzi. Anandiyendetsa msewu wonse, azimayi a mabulosi akuonerera."

"Akuti munkafuna kugulitsa mbewu."

"Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndakhala ndi mitengo imeneyo. Vinyo wawo dontho limodzi silinakhudzepo lilime langa. Ashehe anandidzudzulapo kawiri, ine ndinati ndimalera mtengo, za m'botolo ndi za eni ake. Lero ndiphe chinthu chimene ndachilera kuposa ana anga? Timitengo tija ndinadula Lachinayi, ndinatikulunga m'chiguduli chonyowa, ndinatisiya m'shedi."

"M'shedi mulibe. Tapezeka titabzalidwa kuseri kwa nthochi za kunyumba kwanu."

Che Lajabu anadzutsa mutu pang'onopang'ono. "Titabzalidwa? Iwo anangoti ndaba. Sanandionetse." Anakhosomola kwa nthawi, kenaka anaweramira patebulo. "Mukakafika, mama, mukandionere chinthu chimodzi. Mukaone maso ake akuyang'ana kuti."

"Maso a ndani?"

"A timitengoto. Mtengo uli ndi maso. Woudziwa saulakwitsa."

* * *

Msewu wokwera phiri umapindika ngati njoka yothawa moto. Galimoto ya polisi inkapatukira amuna otsika ndi nkhuni pa njinga, mabuleki awo ali nsapato zokhula pa tayala. Pa kona yachitatu, pamene azimayi amayala timabasiketi ta masitirobere ndi mabulosi achikasu, mayi wina wa mpango woyera anaima pakati pa msewu manja ali m'chiuno.

"Abwana, gulani masitirobere kaye, kenaka mundimange nanenso ndikakhale ndi amuna anga!"

"Ndinu mayi a kunyumba kwa Che Lajabu?"

"Mwanamvua ndine. Amene anaonerera amuna ake akukokedwa ngati yopita kwa abutchala ndine. Lembani zimenezo."

Mavis anatsika, naima naye pambali. "Lachisanu munali pano?"

"Ndikhale kuti? Galimoto iliyonse yokwera ndi yotsika imadutsa pamphuno panga. Ya a Stafford inatsika m'mawa, kumbuyo atafunditsa lona. Inakweranso nthawi ya swala, pamene amuna onse a Chisilamu ali m'tauni. Ndinakweza kabasiketi kuti agule, iwo nkutembenuza nkhope ngati ndine wa msonkho. Patapita maola awiri, uyo akutsikanso, liwiro la mtondo wadooka."

"Iwo akuti tsiku lonse anali ku Blantyre."

"Ndiye kuti galimoto yawo ili ndi mnzake wamapasa."

"Khoti lidzati ndinu mkazi wa woimbidwa mlandu."

"Kodi mkazi akakwatiwa amakolowoledwa maso?"

Mavis anayang'ana azimayi ena aja. Onse anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi kusanja zipatso zosanjika kale.

"Musawavutitse awo," anatero Mwanamvua mokweza, kuti amve. "A Stafford ndiwo amawagula zotsala madzulo. Pakamwa pawo patsekedwa ndi kabasiketi." Anatsitsa mawu. "Inu mukakafika, musakafunse za mtengo. Mukafunse Mayi Eva chimene analumbira pamaliro a bambo awo."

* * *

Mayi Eva Mulaviwa anamulandira pakhonde, atakhala pampando wa nsungwi, ndodo ili pakati pa maondo. Kumunsi kwa nyumbayo migula ya miyala inatsetsereka ngati masitepe, mipesa yopanda masamba itandandalika m'mawaya.

"Zimene mukuonazi sizinagwe kumwamba, a Sajeni," anayamba motero asanafunsidwe. "Bambo anga, a Blaise Mulaviwa, ankalima dimba la ansembe kuseri kwa Milanje, ku Mozambiki. Pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, mayi anga anabereka ine kumbuyo, bambo ananyamula nsungwi imodzi. M'nsungwimo munalibe ndalama, munalibe ufa. Munali timitengo titatu ta mpesa ndi dothi lonyowa. Tiwiri tinafera m'njira. Kamodzi kanagwira. Mzungu amene ankamusamalirira maluwa anawapatsa chitunda chino chifukwa chinali miyala yokhayokha, ndipo miyalayo anaizula ndi manja awo nkumangira migula iyo. Botolo lililonse la Chifunga limene anthu amamwa m'mahotela ndi mdzukulu wa kamtengo kamodzi kameneko. Ndiye munthu amene bambo anga anamutola ali mnyamata, amene wadya mchere wathu moyo wake wonse, achite chipongwe chotere!"

"Munalumbira chiyani pamaliro a bambo anu?"

Mayiwo anamuyang'ana modabwa. "Ndinanena pamaso pa abale kuti malinga mpesa umenewo uli moyo, malo ano sagulitsidwa."

"Alipo amene akuwafuna?"

"Chiyambire matipate, aliyense wa thumba lolemera akufuna kumanga loji paphiri pano. Abwera atatu. Wachitatu anachita kubwera naye mkamwini wanga, ndipo onse ndinawapatsa tiyi ndi yankho limodzi."

"Lachisanu inu munali kuti?"

"Kumaliro ku Malosa. Ndinabwera Loweruka masana, nkupeza zonse zachitika."

"Munapita kukaona timitengo kuseri kwa nyumba ya Che Lajabu?"

"Maondo angawa salola kutsetsereka. Ndiponso mtima sukanapirira. A Stafford anaona, anandiuza."

"Ndiye munasaina."

"Ndinasaina."

Mavis anatseka kabuku kake mwamphamvu kuposa mmene anafunira. Nthochi zija ankaziona ali pakhonde pomwepo. Kuchokera pampandopo sipakanakwana mapazi mazana awiri. Zaka makumi anayi ndi chimodzi za munthu zinapimidwa pa sikelo imodzi ndi mapazi mazana awiri, ndipo mapaziwo ndiwo analemera.

"Aaa, Madamu Sajeni! Bwenzi mutaimba foni tikanakukonzerani kena kake."

Wolankhulayo anatulukira pakhomo atavala jekete lachikopa, foni ili m'chiuno, nsapato zikuwala ngati sizidziwa kuti phirili lili ndi matope. A Stafford anakwatira Loveness, mwana yekhayo wa Mayi Eva, namwino amene ankagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo iwo anatsala pamundapo monga woyang'anira malonda.

"Nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni, koma ndi yosavuta," anapitiriza. "Ine Lachisanu ndinanyamuka naini koloko ndi makireti khumi a vinyo, ndinakatula ku hotela ku Blantyre, ndinabwera madzulo. Bizinesi sidikira. Loweruka ndikuzungulira, ndikupeza mtengo uli pansi. Nzeru inangondiuza kuti kayang'ane kwa mdala uja. Anthu akewa mukawazoloweza amayamba kuganiza kuti munda ndi wawo."

"Makiyi a shedi amasunga ndani?"

"Amayi, ine, ndi mdalayo."

"Za kudulira ndi kubzala mumazidziwa?"

A Stafford anaseka. "Ine ndi wa ku ofesi, Madamu. Za matope zili ndi eni ake."

Anamuperekeza kukaona chitsa. Tsindelo linali lalikulu ngati ntchafu ya munthu wamkulu, lopotoka, lamakwinya, ndipo nthambi zake zinali gone pa miyala. Oyilo wakuda wa galimoto anali atayenderera mpaka m'nthaka. Mavis anagwada. Wochekayo anayamba katatu: panali mabala awiri osiyidwa panjira, lachitatu lokhota, ndipo kumapeto anachita kuthyola ndi phazi. Anatembenukira ku mipesa yoyandikana nayo, imene Che Lajabu anadulira sabata yomweyo. Bala lililonse linali limodzi, loyera, ngati lodulidwa ndi lezala.

Akudzuka, anamva kakhweru kuchokera ku nyumba yofulira vinyo. Pazenera panali dzanja lonyowa likumukodola.

* * *

"Winston Nampinga, wotsuka mabotolo, woponda mphesa, ndiponso wolawa wamkulu," anadzitchula motero mwini dzanjalo, bambo wamfupi wa mimba yozungulira ngati migolo imene inamuzinga. "Che Lajabu salawa, ndiye gawo lawo limagwera ine. Ntchito yolemera, bwana, koma wina ayenera kudzipereka."

"Lachisanu munali kuti, a wolawa wamkulu?"

"Kwathu ku Mbedza, miyendo ili m'mwamba. A Stafford anandipatsa tchuthi."

"Munapempha?"

"Ndipemphe? Zaka zisanu ndi zinayi munthu ameneyo sanandipatsepo ngakhale moni wathunthu. Lachinayi akuti, Winston, watopa, mawa upume. Ndinakayang'ana pagalasi kuti mwina ndikudwala osadziwa."

"Timitengo tija mwationa?"

"Anatiletsa kupitako. Akuti ndi umboni wa boma."

"Boma lake ndi ine. Tiyeni."

Anadzera kuseri, natsetsereka mpaka pa nthochi. Pakadimba kongolimidwa kumene panali mizere inayi, uliwonse wa timitengo khumi, totalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala. Winston anafika akuseka nkhani ina, koma atangoponya maso, kuseka kunazima.

"Mayo ine! Ndani waimika anawa chadodolido?"

"Mukutanthauza chiyani?"

Winston ananjuta, naloza ndi chala. "Onani apa, bwana. Timatuza iti timati maso, ndi pamene pamaphukira. Diso liyenera kuyang'ana kumwamba. Awa onse akuyang'ana pansi. Mpesa ukaubzala mozondoka sugwira, umangouma. Ndiye kuti munthu asasokoneze, malemu a Blaise anasiya lamulo: podula mbewu, kumwamba dula mopendeketsa kuti chifunga ndi mvula zizitsetsereka, kunsi dula mowongoka. Kosongoka kumwamba, kofwafwalala pansi. Amene wabzala apayu walowetsa kosongoka m'dothi, ngati akubzala chinangwa, ngati akukhoma chikhomo cha mbuzi!"

"Munthu akamafulumira ndi mantha akhoza kulakwitsa."

"Kamodzi, mwina. Makumi anayi? Che Lajabu? Muwamange nsalu kumaso, muwadzutse ali m'tulo, chala chawo chipeza diso. Ine chaka changa choyamba ndinazondotsa kamodzi kokha, anandithyapa nako m'khutu, mpaka lero likamazizira limandikumbutsa."

Mavis anayang'ananso mizereyo. Umboni umene unagoneka nkhalamba masiku awiri pa simenti unali ukufuula kuti nkhalambayo ndi yosalakwa, ndipo panalibe amene anadzivutitsa kuumvetsera.

"Palinso china," anatero Winston akukanda m'mutu. "Loweruka m'mawa anandiuza nditsitse makireti khumi m'galimoto, ndiwabise kuseri kwa migolo. Odzaza. Ndinati kodi a ku Blantyre atembenuka mtima, asiya kumwa?"

"Bwanji simunanene?"

"Anandifunsa ndani, bwana? Uyo ndi mkamwini wa eni munda. Ine ndili ndi ana asanu ndi mkazi wodziwa kuwerenga masiku a mwezi."

"Muli ndi mpeni?"

"Sundichoka m'thumba."

"Kadulireni kamtengo kamodzi ku mpesa wina uliwonse. Mudule mmene amadulira Che Lajabu. Mukandipatsa, mutseke pakamwa."

"Chachiwiricho ndiye chovuta," anatero Winston, koma anapita.

* * *

Mavis anasonkhanitsa onse atatu pa chitsa. Mayi Eva anakana kawiri, koma kachitatu Sajeniyo ananena mosanyengerera kuti wodandaula amene safuna kuona chimene akudandaulira mlandu wake sulowa m'khoti. Anatsika atatsamira ndodo, Winston atawagwira mkono, naima pafupi ndi tsindelo.

"A Kamwendo, ndithandizeni," anatero Mavis mwaulemu. "Woweruza adzafunsa ngati munthu mmodzi angacheke mtengo uwu ndi kubzala timitengo makumi anayi pa maola awiri. Ndikufuna ndiyeze nthawi ya kamodzi. Winston ndi mnzake wa woimbidwa mlandu, sindingamukhulupirire. Amayi maondo savomera. Mwatsala inu."

"Ndanena kale kuti za matope si zanga."

"Ngati simungathe, palibe kanthu. Ndilemba kuti munalephera."

Mawu amenewo anawabaya. "Kulephera? Madamu, ine ndinakulira ku Mayaka. Ndabzala chinangwa maekala ndisanayambe sukulu. Bweretsani kuno."

Analandira kamtengoko, nakatembenuza kamodzi m'manja. Anafukula dothi ndi nsonga ya nsapato, naloza kosongoka pansi, nakakankha ndi chikhatho mpaka theka linamira. Anapondaponda m'mbali, nasasa m'manja.

"Mwaona? Masekondi khumi."

"Mwazondotsa!" Mawuwo anatuluka mwa Mayi Eva okha, ngati a munthu woona mwana akugwira moto. "Mwazondotsa, bambo inu! Kosongoka kumakhala kumwamba. Zaka zonsezi pamudzi pano simudziwa zimenezo?"

"Mayi," anatero Mavis, "tsopano tiyeni ku nthochi."

Mapazi mazana awiri aja anawayenda mwakachetechete. Atafika, Mayi Eva anaima pa mzere woyamba, naweramira kamtengo kamodzi, kachiwiri, kachitatu. Ndodo inawapulumuka m'manja.

"Lajabu sanabzale izi," ananong'ona.

"Sanabzale. Osamala munda uno tsiku ndi tsiku ndi anthu anayi. Atatu sangalakwitse chotere ngakhale atafuna, chifukwa anaphunzira kwa a Blaise kapena kwa wophunzira wawo. Wachinayi mwamuona nokha."

"Izi ndi zamasewera!" anakalipa a Stafford. "Ine ndangotengera mmene ndinaonera pano Loweruka. Ndinali ku Blantyre, ndanena!"

"Hotela yake iti? Tchulani, ndiimbe foni pompano, pa foni yanu yomweyo."

A Stafford anagwira foni ya m'chiuno ija, koma sanaitulutse.

"Musavutike. Makireti khumi amene munakatula ku Blantyre ali kuseri kwa migolo, ndawawerenga. Munatsika nawo m'mawa kuti anthu akuoneni mukupita. Munadikira kuti Che Lajabu alowe mumzikiti, amayi ali ku Malosa, Winston ali pa tchuthi chimene sanapemphe. Munakwera, munacheka katatu chifukwa sowo simuidziwa, munathira oyilo. Mtengo ukafa lumbiro latha. Koma mbewu inalipo, ndiponso munthu wodziwa kuiukitsa analipo, ndiye munati muphe mbalame zonse ndi mwala umodzi: mbewu ikhale umboni, mlimi akhale wakuba. Chimene simunadziwe n'chakuti mtengo uli ndi maso."

Nkhope ya a Stafford inachita thukuta ngakhale kunkazizira. Anayang'ana Winston, anayang'ana msewu, kenaka anatembenukira apongozi awo, ndipo ulemu wonse wa zaka zisanu ndi zinayi unasungunuka nthawi imodzi.

"Inde! Ndiye bwanji? Kamtengo kokalamba kobereka madengu awiri pachaka! Anthu akubwera ndi mamiliyoni, inu mukuwapatsa tiyi! Ndakhala pano ngati mlendo, mkamwini uku, mkamwini uko, mawu anga osaposa a wantchito wosadziwa kulemba dzina lake. Ndimafuna kukutsegulani maso, mwana wanu adzadye bwino!"

Mayi Eva anawongoka. Winston anawatolera ndodo, koma sanailandire.

"Bambo anga anawoloka malire wapansi, mapazi akutuluka magazi, kuti kamtengo kameneko kafike pano. Inu munabwera pa minibasi ndi sutikesi imodzi, ndinakupatsani mwana wanga, ndinakupatsani makiyi. Mwandiphera bambo anga kachiwiri. Koma chimene sindidzakukhululukirani n'chakuti munabwereka dzanja langa kuti limange munthu wosalakwa."

"Dzanjalo sanachite kulanda, mayi," anatero Mavis akutulutsa unyolo. "Munapereka nokha."



* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene galimoto ya polisi inakweranso phiri, Che Lajabu atakhala kutsogolo. Pa kona yachitatu anagwira mkono wa dalaivala.

"Imani pano. Ndinatsika msewu uno ndili pachingwe, anthu akuona. Ndikwera ndi miyendo yanga, anthu omwewo aone."

Anatsika, nayenda pakati pa msewu manja akugwedezeka momasuka, chikofiya chili chilili pamutu. Mwanamvua anasiya timabasiketi take osayang'ana kumbuyo, nawatsatira akulankhula mokweza kuti azimayi anzake aja amve.

"Sanjani, asisi, sanjani zipatsozo! Lero maso abwerera? Wogula zotsala uja akagona pamene anagona amuna anga, mukampatsire mabulosi!"

Mavis anawatsatira pambuyo, galimoto ikukwawa.

Mayi Eva anali akudikira pachipata, atavala chitenje cha kumunda chimene panalibe anachionapo kwa zaka zambiri. "Che Lajabu," anayamba, "ine ndilibe mawu oti..."

Nkhalambayo inawadutsa ngati sinamve. Inalunjika ku nthochi, nigwada pa mzere woyamba, nizula kamtengo kamodzi. Inakapukuta dothi ndi malaya, nikanunkhiza, nikanda khungwa ndi chikhadabo. Pansi pa khungwa panali pobiriwira.

"Tili moyo," inatero. "Masiku atatu mpesa umapirira. Sabata ikanatha, basi."

Mayi Eva anali atafika, akupuma movutika. "Ndikhululukireni. Ndinamva za m'kamwa mwa munthu, osabwera kudzaona."

Che Lajabu anadzuka, nawayang'ana kwa nthawi yaitali. Mikwingwirima ya chingwe inali ikuonekabe.

"Abiti Mulaviwa, lamulo la maso bambo anu anakuphunzitsani inu asanandiphunzitse ine. Mukanafika pano Loweruka, sindikanagona pa simenti. Akanakhala mlendo wondinamizira, ndikanati sandidziwa. Koma inu munasaina." Anakhosomola. "Kukhululuka kudzabwera, pakuti Mulungu amalamula. Koma sikubwera lero. Lero kuli ntchito."

"Titengere timitengoti kumtunda?" anafunsa Winston mwamantha.

"Tisasunthe. Dothi la pano ndi labwino, madzi sadikha. Chinthu chimodzi chokhacho wakubayo anakhoza." Anatambasula dzanja, napereka kamtengo kaja kwa mwini munda. "Gwirani."

Mayi Eva anayang'ana kamtengoko, nayang'ana mizere inayi ija. Anapatsira Winston ndodo. Maondo amene sanalole mapazi mazana awiri anapindika pang'onopang'ono, mpaka anafika m'dothi lonyowa. Anafufuza diso ndi chala, natembenuza, nalowetsa kofwafwalala pansi.

"Tsinderani m'mbali," anatero Che Lajabu. "Osati choncho. Ndi zala zonse."

Anatsindira. Anakwawira pa kachiwiri.

Mavis anaika kabuku kake m'thumba. Chifunga chinali chitayamba kutsika kuchokera pamwamba pa phiri, chikuphimba migula umodzi umodzi. Timitengo tinali titatsala makumi atatu ndi tisanu ndi titatu, ndipo Winston atafuna kugwada kuti athandize, Mwanamvua anamukoka malaya. Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi anayi ndi chimodzi, Che Lajabu anaima chilili m'munda wa a Mulaviwa manja ali kumbuyo, akuyang'anira.

"Maso kumwamba, Abiti Mulaviwa," anatero. "Maso kumwamba."